Makala, gasi, magetsi, sola: ndi chiti mungachivomere atachiika m'lamulo?

Pakhomo panga ku Chilomoni pali mbaula ya makala, silinda ya gasi, hotipuleti, ndiponso panelo ya sola padenga. Musati ndine wolemera ayi, ndi mantha chabe: china chikakana, china chigwire. Tsiku lina alamu anga a ku Machinjiri atayendera zonsezi anandifunsa kuti, “Nanga alamu, boma litalamula kuti m'tauni muno aliyense aziphikira mphamvu zosatha, za madzi kapena za dzuwa, inu mungavomere?” Ndinawayankha kuti ayambe andiuza chimene ndiziphikira nyemba. Pano ndikufuna ndiziyerekeze zinayi zija monga ndaziona ndikuzigwiritsa ntchito, chifukwa yankho la funso la alamu lagona momwemo.

Makala palibe angawapose pa chinthu chimodzi: amagulika ndi ndalama imene uli nayo lero. Thumba lathunthu likakukanika, umagula kajumbo pamsika wa Ndirande kapena pakhomo pa aneba, nsima ya madzulo n'kupsa. Safuna mita, safuna waya, safuna chilolezo cha eni nyumba. Ukawerengera pamwezi, wogula kajumbo tsiku ndi tsiku amawononga zambiri kuposa wogula thumba, koma munthu wodalira ganyu sawerengera pamwezi. Kuipa kwake tonse timakudziwa. Utsi wake wosaoneka umapha anthu amene amalowetsa mbaula m'nyumba yotseka nthawi yozizira. Phiri la Ndirande linametedwa mpala, ndipo njinga zolemedwa ndi matumba zimachita kuchokera kutali, cha ku Neno ndi Mwanza, pamsewu wa Zalewa.

Lamulo lilipo kale pamenepa. Mu 2020 Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa lamulo la zankhalango, zilango za owotcha ndi kugulitsa makala popanda chilolezo zinakula. Funsani munthu aliyense mu minibasi ya ku Limbe ngati mitengo ikuyenera kutetezedwa, avomera ndi mtima wonse. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula matope a phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ambiri tinaloza mapiri opanda mitengo. Koma munthu yemweyo akamva kuti pa rodibuloko alanda makala ndipo thumba lakwera mtengo, amatukwana. Si chinyengo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo makala ndiwo ali pamphuno.

Magetsi akanakhala yankho lophweka, chifukwa athu ambiri ndi a mphamvu zosatha kale. Amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene EGENCO imawapanga n'kugulitsa ku ESCOM. Akakhalapo, hotipuleti ndi yaukhondo, miphika sida, ndipo amene anagula puresha kuka ya magetsi amadziwa kuti nyemba zimapsa msanga osadya mayunitsi ambiri. Ineyo pa zinayi zonsezi ndimakonda yomweyi. Vuto ndi lakuti mitanda yonse ili mu mtsinje umodzi. Mu 2017 madzi a m'nyanja ya Malawi atatsika, mdima unali wa maola ambiri, mpaka kunabwera majenereta a dizilo obwereka, ena anaikidwa ku Chichiri konkuno. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 anachoka nthawi imodzi, ndipo kukonza kunafika mu 2023. Amene anadutsa m'miyezi imeneyo ufa uli m'manja, madzi atafunda pa hotipuleti kenako magetsi phethi, simungawauze kuti ataye mbaula. Amaisunga kuseri kwa chitseko ngati mankhwala a mutu.

Gasi sindikhalitsapo, chifukwa kunena zoona si mphamvu yosatha, amachokera ku mafuta a pansi ndipo timachita kuitanitsa kunja. Amapsetsa msanga, tiyi wa m'mawa mphindi zochepa. Koma kuti uyambe uyenera kugula silinda ndi chitofu chake nthawi imodzi, ndipo mtengo wake umayenda ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ena amene anali atayamba gasi anabwerera ku makala. Palinso amayi athu amene mpaka lero salola silinda kugona m'nyumba, akuti iphulika.

Sola ndiye imasokoneza anthu kwambiri, ndipo mpamene ndimatsutsana ndi alamu. Iwo amaganiza kuti ukaika panelo padenga, nkhani ya magetsi yatha. Panelo yanga ndi ya mawati 100. Imayatsa mababu, kutchaja mafoni, ndi wailesi yakanema kwa maola angapo. Hotipuleti imafuna mawati 1,000 kapena kuposa. Kuti uphikire sola pamafunika mapanelo ambiri, inveta yayikulu ndi mabatire amphamvu, ndalama yake yogulira poloti kwina. Ndiye sola siilimbana ndi makala ayi, imalimbana ndi kandulo ndi jenereta. Pamenepo imapambana mosakayikitsa: jenereta imafuna petulo amene nthawi zina umachita kugonera pamzere, imasokosa mpaka aneba kukudani, pamene sola ukaigula yangokhala chete. Chofooka chake ndi batire. Wanga woyamba, wotchipa uja wa pamsika, sanathe ndi zaka ziwiri zomwe, ndipo wogulitsa anangoti ndinkaupanikiza. Komanso kuno kwathu kuli chiperoni. Juni ndi Julayi, mitambo ikaphimba Michiru masiku atatu osatizana, batire limayamba kulira isanakwane 8 koloko usiku.

Chiperoni chomwechi ndicho chimandikayikitsa pa lamulo lokakamiza giza ya sola, thanki yotenthetsa madzi osamba ndi dzuwa, pa nyumba zatsopano, limene mayiko ena anayesa. Ku Israel analamula zimenezi mu 1980, ndipo madenga ambiri kumeneko ali ndi mathanki otenthetsa madzi ndi dzuwa. Anthu anazilandira chifukwa dzuwa ndi lambiri ndipo bilu inatsika. Ku Kenya anakhazikitsa lamulo lofanana mu 2012, lokhudza nyumba zogwiritsa ntchito madzi otentha oposa malita 100 patsiku. Eni nyumba anadandaula ndi mtengo komanso chindapusa, ndipo mu 2018 aphungu analikana. Lamulo ndi limodzimodzi, chinasiyana ndi amene akulipira komanso amene akupindula. Ganizirani za kuno: landilodi wa ku Namiwawa akaika giza ya sola, wopulumutsa mayunitsi ndi wa lendi, ndiye landilodi akweza lendi. Wa ku Mbayani kapena Bangwe, amene madzi osamba amatenthetsa mu ndowa pa mbaula, lamulolo silikumukhudza n'komwe, ndipo sangalivomere kapena kulikana, angoliyang'ana.

Pali sola ina imene sindinamvepo munthu akuitsutsa: ya minda yayikulu yolowa m'mawaya a dziko lonse. Ku Salima kuli ya mamegawati 60 imene inayamba mu 2021, ku Golomoti m'boma la Dedza kuli ya mamegawati 20 yokhala ndi mabatire ake. Imeneyi palibe amene amakugogodera pakhomo kuti ugule kanthu. Lamulo litati gawo lakutilakuti la magetsi a dziko lizichokera ku dzuwa, ndikhulupirira ambiri mu Blantyre angaombe m'manja, osati chifukwa cha nkhani za kusintha kwa nyengo zimene timamva pa wailesi, koma poti Shire akadwala pakhale wina wogwirizira. Kuomba m'manjako kungathe tsiku limene MERA, bungwe loona za mitengo ya magetsi, ingalengeze kuti yunitsi yakwera chifukwa cha lamulolo. Walira mvula walira matope, inde, koma matope ake tiuzidwiretu kuya kwake.

Alamu ndinawauza chonchi. Lamulo la sola ya m'mawaya ndingalivomere mawa lomwe. La giza ndingalivomere ngati likuyambira pa mahotela, zipatala ndi nyumba zikuluzikulu za ku Nyambadwe ndi Sunnyside. Loletseratu makala ndingalivomere pokhapokha gasi atamagulika pang'onopang'ono ngati kajumbo, puresha kuka itamapezeka pangongole, ndiponso magetsi atamakhalapo kuyambira 5 koloko mpaka 8 koloko madzulo, nthawi imene mzinda wonse uli pa mphika. Iwo anaseka, akuti ndaika mfundo zambiri ngati ankhoswe a kuchikazi. Pochoka anandipempha nambala ya mnyamata amene amandibweretsera makala, akuti a ku Machinjiri masiku ano achuluka fumbi.