Kapeti Yakale: Ku Okushoni Kapena kwa Wamalonda?

Wamalonda wa zinthu zamakedzana amakupatsani ndalama pompopompo, koma amagula motchipa poti nayenso akufuna phindu. Ku okushoni nkhani ndi ina. Ogula akayamba kulimbirana, mtengo umakwera modabwitsa: mu 2013, kampani ya okushoni ya Sotheby's ku New York inagulitsa kapeti ina yakale ya ku Persia (dziko lomwe pano limatchedwa Iran) pa madola 33.7 miliyoni.

Koma kumeneko mumadikira miyezi kuti akatswiri aiunike, aijambule, ailembe m'buku la malonda, kenako kampani idulepo komishoni yake. Mtengo ukapanda kufika pamene munagwirizana, kapetiyo imabwerera kwanu, ndipo ogula amayamba kuikayikira. Alimi amene mabelo awo a fodya anabwezedwapo ku Kanengo amaudziwa ululu wake. Ikakhala kapeti wamba, ine ndingangopita nayo kwa wamalonda.