Kosi ya Chingelezi ya pa foni, miyezi 8 yatha

Dzulo mlamu wanga wa ku Tsangano anaimba kufunsa kuti "alamu, kosi yanu ija ndilowe nawo?" ndipo usiku womwewo meseji yoti ndilipire mwezi wa 9 wa kosiyi inalowa, ndiye ndati ndilembe apa ena amve nawo.

Ndinalowa chifukwa ndikufuna ntchito ya mapepala a katundu pa boda ya Calomue, pakati pa Mozambique ndi Malawi, poti mapepala ochokera ku Dedza amabwera m'Chingelezi pomwe ife sukulu yonse tinaphunzira m'Chipwitikizi. Ndimalipira 1,200 meticais pamwezi pa M-Pesa.

Mavidiyo ali bwino, ndi afupiafupi. Makwizi nawo alibe vuto.

Chomwe chandigwira mtima ndi ma audio a pa WhatsApp. Sabata iliyonse aphunzitsi amati ujambule mawu ako mphindi imodzi, ine tsiku lina ndinafotokoza mmene timakwezera matumba a mbatatesi mu lole kuno ku Ulongwe, ndili ndi mantha kuti andiwerengera zolakwa zonse. Iwo anangotola chimodzi, kuti "load" ndi "road" ndikutchula mofanana, poti kwa ife l ndi r sizisiyana. Anandijambulira pang'onopang'ono, nkunena pomwe lilime likhale, ndipo ndinabwereza kuseri kwa nyumba mpaka madzulo. Sabata yotsatira anayamba kufunsa zomwezo asanapite kwina. Abale, munthu ameneyu amadziwa kuphunzitsa.

Koma kalasi ya pa Zoom ndiyo imandiwawa. Anthu oposa 30, ukhoza kutha ola lonse osayankhulako, mamega akungopita, nthawi ya mvula ija netiweki imadukaduka mpaka kukutulutsa. Potilembetsa mwini kosi analonjeza kuti kalasi iliyonse azijambula nkutitumizira. Pa miyezi 8 ndalandira zitatu basi. Ndikafunsa mwini kosi amati "tikukonza", nthawi zina amawerenga meseji osayankha, koma tsiku lolipira likafika ndi iye woyamba kundipatsa moni. Mwezi watha wabweretsanso zoti setifiketi ndi 800 meticais yapadera, zimene sananene poyamba.

Tsiku lomwe ndinacheza ndi dalaivala wa ku Zimbabwe osakakamira ndinati ndalama yanga sinapite pachabe. Lero ndikuyang'ana meseji iyi mtima ukuwawa. Alamu ndawauza kuti alipire mwezi umodzi kaye, za setifiketi awalemberetu pa meseji. Ine 1,200 ndituma akanditumizira makalasi anga otsala aja.