Kalabu imene inatikumbira mjigo: ntchito zake ndi alendo ake oyankhula

Mu Januwale 2023, pamene boma linalamula kuti sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre ziyambe zadikira kutsekulira chifukwa cha mliri wa kolera, ife aphunzitsi a pasukulu ina ya pulaimale ya kumalire a mzinda uno wa Lilongwe tinali ndi nkhawa imodzi yoposa zonse, nkhawa ya madzi. Ana athu ankamwa madzi a pachitsime cha kudambo, ndipo ndowa zosambira m'manja zimene tinaika pakhomo la kalasi iliyonse zinkakhala zitauma nthawi ya buleki isanakwane. Mliriwo unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 ndipo unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, koma ife sitinkadikira wailesi kuti itiuze kuopsa kwake, popeza maliro tinkawaona m'midzi momwemo mmene ana athu amachokera. M'nyengo imeneyo ndi mmene ndinadziwira kalabu ya anthu odzipereka pa ntchito zachifundo imene ndikulemba nkhani yake pano, ndipo kuchokera nthawi imeneyo ndaona ntchito yake pasukulu pathu ndiponso ndakhala nawo pamisonkhano yake kangapo ngati mlendo.

Makalabu a mtundu umenewu ndi akale ndithu. Rotary anaiyambitsa loya wina dzina lake Paul Harris ku Chicago mu 1905, ndipo Lions inabadwira mumzinda womwewo mu 1917 motsogozedwa ndi Melvin Jones. Muno mu Lilongwe muli makalabu angapo otere, mmene mumasonkhana madokotala, amalonda, maloya, ogwira ntchito m'mabanki ndi ena amene anapuma pantchito ya boma, onse n'cholinga choika pamodzi ndalama, nthawi ndi luso lawo kuti athandize madera owazungulira. Dzina la kalabu imene inatithandiza ndilisunga, chifukwa ndinena zokoma ndi zowawa zomwe, ndipo anthu ake amagwira ntchitoyi mongodzipereka, osalandirapo kanthu.

Chimene chinandikhutiritsa poyamba ndi mmene anabwerera. Sanayambe ndi galimoto yobowola pansi. Anabwera anthu atatu okha Loweruka lina m'mawa, nakhala pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi amfumu, komiti ya sukulu ndi amayi a m'mudzi, ndipo mafunso awo anali ovuta kuposa mmene tinkayembekezera. Mayi wina wa m'kalabumo, amene ndinamva pambuyo pake kuti ndi injiniya, anafunsa amfumu mwaulemu kuti, "Gogo chalo, mjigowu ukadzawonongeka chaka chamawa ife titapita, adzaukonze ndani, nanga ndalama yake idzachokera kuti?" Panali chete kwa kanthawi, chifukwa tonse tinkadziwa mijigo iwiri ya m'midzi yoyandikana nafe imene inangosanduka zitsulo zomangirira mbuzi. Tinagwirizana kuti mudzi utute mchenga, miyala ndi njerwa, tisankhe komiti ya mjigo imene ambiri mwa mamembala ake akhale amayi, ndiponso banja lililonse lotunga pamenepo lizisonkha kangachepe mwezi ndi mwezi. Makolo ena anadandaula kuti anthu olemera chotero akutigwiritsa ntchito yotuta mchenga, koma lero ndimaona kuti mchenga umenewo ndi umene unachititsa kuti mudzi uzitcha mjigowo kuti wathu.

Umboni weniweni wa ntchito yawo unaoneka mjigo utafooka. Patatha miyezi ingapo, ana anayamba kupopa nthawi yaitali madzi asanatuluke, kenako chogwirira chinayamba kugwedera ndi kulira. Apo n'kuti ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, moti mitengo ya zipangizo m'masitolo a m'tauni inali itakwera kwambiri. Tinaimbira foni mlembi wa kalabu tikuyembekeza kuti atitumizira ndalama, koma iye anatitumizira munthu, makaniko wa mijigo wa m'dera lathu lomwelo, ndipo mamembala awiri anabwera naye kudzaonerera. Mjigo wathu ndi wa mtundu wa Afridev, umene uli ponseponse m'Malawi muno, ndipo unapangidwa mwadala kuti anthu a pamudzi azitha kuumasula ndi sipanala imodzi. Makanikoyo anapereka sipanala kwa mayi wina wa m'komiti, namuuza kuti amasule yekha chivundikiro. Amayi anayi anasolola ndodo zachitsulo imodziimodzi, kuziyala pa udzu motsatana kuti zisadetsedwe ndi dothi, mpaka kunatulukira kachipangizo ka pansi kamene labala wake anali ataperepeseka ngati chidendene cha nsapato yakale. Kalabala kameneko, kochepa kokwana m'dzanja la mwana, ndi kamene kanaimitsa madzi a sukulu yonse. Anagula kena ndi ndalama ya m'thumba la komiti, ndipo dzuwa lisanapendeke madzi anali akutuluka. Pa zonse zimene kalabuyi inachita, kubweranso kumeneku ndimakuwerengera patsogolo, chifukwa ambiri amene amapereka thandizo m'dziko muno sabwereranso tsiku lojambulitsa zithunzi likadutsa.

Tsiku lojambulitsa zithunzilo ndi limene sindinakondwere nalo, ndipo ndiyenera kunena mosabisa. Ana anawaimika pabwalo kuyambira 9 koloko m'mawa, alendo n'kufika cha m'ma 11, ndipo zoyankhula zinatenga nthawi yaitali, zambiri mwa izo m'Chingerezi, pamaso pa agogo amene anatuta miyala ndi ana a Sitandade 2 amene anali atayamba kuwodzera ndi dzuwa. Amfumu anapatsidwa mpata pomalizira, anthu atatopa kale. Anthu amene anadziwa kumvetsera bwino chotero pansi pa mtengo wa mango anaiwala luso lawo lomwelo atavala masuti.

Pambuyo pake anandiitana kumisonkhano yawo, imene imachitika mlungu uliwonse pa hotela ina nthawi ya chakudya cha masana. Kwa ine, kufika kumeneko kumafuna maminibasi awiri, kusinthira ku depoti, ndiponso kupempha mnzanga kuti andigwirire kalasi, ndipo mtengo wa chakudyacho, chimene aliyense amadzilipirira, ndi wolemera kwa munthu wolandira malipiro a uphunzitsi. Koma dongosolo lawo ndi loyamikika. Wapampando akaliza belu msonkhano umayamba pa nthawi yake, alendo amatchulidwa mayina mmodzimmodzi, ochedwa amalipira kachindapusa kamene kamalowa m'thumba la ntchito zachifundo, ndipo msungichuma amawerenga poyera ndalama zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Tsiku lina ndinamva membala akufunsa chifukwa chimene malisiti a simenti sankagwirizana ndi chiwerengero cha matumba, ndipo nkhaniyo sinadutse mpaka yankho litapezeka mlungu wotsatira. Ndinalakalaka makomiti athu a sukulu ndi a kumpingo akanaonako zimenezi.

Gawo lalikulu la msonkhano ndi la mlendo woyankhula, amene amapatsidwa mphindi ngati makumi awiri kenako n'kuyankha mafunso. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ena mwa alendo amene ndinawamva anabweradi nako. Dokotala wina anafotokoza za poliyo momveka bwino kwambiri. Anatikumbutsa kuti Africa inalengezedwa kuti yathana ndi kachilombo ka poliyo ka m'chilengedwe mu Ogasiti 2020, koma mu Febuluwale 2022 boma linalengeza kuti kapezeka mwa mwana wina muno mu Lilongwe, koyamba m'dziko muno kuchokera mu 1992, ndipo akatswiri atakapima anapeza kuti n'kofanana ndi kamene kamazungulira ku Pakistan. Anafotokoza kuti ana ambiri amene atenga kachilomboka saonetsa chizindikiro chilichonse, moti mwana mmodzi akapuwala ndiye kuti pali ena ambiri amene akukafalitsa mosadziwa, makamaka kudzera m'chimbudzi ndi madzi oipitsidwa. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chimene alangizi a zaumoyo ankabwerera mobwerezabwereza khomo ndi khomo kudzadontheza katemera m'kamwa mwa ana omwewo, funso limene makolo anandifunsa nthawi zambiri ine n'kumasowa poyankha. Anatchulanso kuti Rotary inayamba ntchito yake yolimbana ndi poliyo, yotchedwa PolioPlus, mu 1985, ndipo masiku ano kachilomboka katsalira ku Pakistan ndi ku Afghanistan.

Mlendo wina anali namwino wa za maso, amene anayankhula za ng'ala. Anati agogo ambiri amangokhala m'nyumba poganiza kuti khungu ndi gawo la ukalamba, kapena kuti winawake anawachita chipongwe, pamene opaleshoni yochotsa ng'ala ndi yaifupi ndipo ambiri amayamba kuona m'mawa mwake akawachotsa bandeji. Anatchula chipatala cha maso cha pa Kamuzu Central, chimene chili ndi dzina la Lions SightFirst, nakumbutsanso kuti mu 2022 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatsimikiza kuti Malawi wagonjetsa matenda a maso a trachoma ngati vuto lalikulu la zaumoyo. Nditabwerera kunyumba ndinakafotokozera apongozi anga, amene diso lawo lamanzere linali litachita mtambo kwa zaka ziwiri, ndipo patatha milungu ingapo yowanyengerera anavomera kukaonana ndi madokotala.

Si alendo onse amene anali otero. Bambo wina anaitanidwa kuti ayankhule za kukonzekera moyo wopuma pantchito, koma mphindi zisanu zisanathe zinaoneka kuti wabwera kudzatsatsa mapuloti a kampani yake, ndipo anapitirira nthawi yake mpaka mafunso anasowa mpata. Wina anangowerenga mawu amene anali kale pakhoma, mutu uli pansi. Komiti yosankha alendo iyenera kumakambirana nawo pasadakhale, chifukwa anthu amene asiya ntchito zawo masana kuti adzamve nkhani ayenera kulemekezedwa.

Koma dandaulo langa lalikulu lili pa malo ndi chiyankhulo. Nkhani ya poliyo ija inamvedwa ndi anthu ochepa amene ana awo anabayitsa kale katemera yense, ndipo nkhani ya ng'ala inamvedwa ndi anthu amene akamva kuyabwa m'diso amapita kwa dokotala tsiku lomwelo. Amene amafunikira nzeru zimenezi ali ku Mgona, ku Mtandire, ku Chinsapo ndi ku Kauma, ndipo sangalowe m'chipinda cha hotela kukamvera Chingerezi pa nthawi imene akugulitsa pamsika kapena kuyendetsa kabaza. Kalabuyi ili ndi mwayi umene ife aphunzitsi tilibe, woti ikaitana katswiri amabwera popanda kulipidwa. N'zomvetsa chisoni kuti kalumo kakuthwa chotero kazingometa mitu yometedwa kale. Ndinapempha wapampando kuti mwina kamodzi pa miyezi itatu msonkhano uzichitikira pasukulu kapena pabwalo la amfumu, m'Chichewa, Loweruka masana. Anandimvetsera mwaulemu ndipo anati akakambirana, koma mpaka lero sizinachitike.

Chimene chinachitika, ndipo ndimachiyamikira, n'chakuti anaitana makaniko wa mijigo uja kuti akhale mlendo woyankhula. Anabwera atavala malaya oyera ositidwa bwino, atanyamula kachikwama ka zipangizo, ndipo anayamba ndi kupepesa kuti, "Mabwana, ine sukulu sindinapite nayo patali, ndiyankhula Chichewa." Kenako anatulutsa malabala awiri, latsopano ndi lakutha, nawayendetsa patebulo lililonse kuti aliyense awagwire. Anafotokoza kuti mijigo yambiri imafa chifukwa cha tizipangizo totchipa timene palibe anatisintha pa nthawi yake, kuti chogwirira chikayamba kugwedera mapulasitiki a pamfundo pake amakhala atatha ndipo akasiyidwa amawononga chitsulo chodula, ndiponso kuti komiti imene msungichuma wake ndi mayi wochita bizinesi pamudzi pomwepo nthawi zambiri imakhala ndi ndalama pa tsiku la vuto. Anachenjezanso za kukumba mjigo pafupi ndi zimbudzi kapena manda, ndi za ngalande yotayira madzi imene ikasweka pamasanduka chithaphwi cha udzudzu ndi nkhumba. Mafunso tsiku limenelo anali ambiri kuposa masiku ena onse amene ndinapezekapo, ndipo ngakhale mamembala amene ndinali ndisanawamvepo akuyankhula Chichewa anafunsa m'Chichewa.

Kwa komiti ya sukulu, ya chipatala chaching'ono kapena ya mudzi imene ikuganiza zopempha thandizo ku kalabu yotere, malangizo anga ndi akuti mulembe kalata yofotokoza vuto limodzi lokha, yosainidwa ndi komiti ndi amfumu, yonena zimene inuyo mudzachite ndi manja anu, ndipo mukhale okonzeka kudikira, chifukwa ndalama zawo zimachokera m'zosonkhasonkha ndi m'zochitika zopezera ndalama, ndipo pempho lililonse limayamba lakambidwa ndi mamembala. Ife tinadikira miyezi ingapo, ndipo pempho lathu lachiwiri, la madesiki a makalasi a ana aang'ono, likadali pamndandanda. Mjigo wokha ukugwira ntchito, ndipo m'kabuku ka komiti, kamene amayi aja amasunga m'pepala la pulasitiki kuti kasanyowe, mwalembedwa kale mwezi umene adzasinthe labala wina.