Kasilinda ka gasi ka makilo 6: kamaphika bwino, koma mbaula sindinataye

Kasilinda aka, kaja kokhala ndi chitofu chomangira pamwamba, ndinakagula ku Kamwala mu Lusaka mu 2024, chaka chimene madzi anachepa ku Kariba malaiti n'kumazima mpaka maola 21 pa tsiku. Kwathu ku Mtendere ankabwera pakati pa usiku, anthu n'kumadzuka kuti asite zovala za ana a sukulu. Sitovu yamagetsi inasanduka poika mapoto. Malasha nawo anakwera mtengo, makamaka boma litaletsa kuwotcha malasha ku Mumbwa, Itezhi-Tezhi ndi Shibuyunji mu April chaka chomwecho. Ndiye amene amandiyamikira kuti ndikupulumutsa mitengo ndimawauza zoona: ndinangotopa ndi kukupiza mbaula m'mawa, maso ali misozi chuchuchu.

Pa zophika zachangu kalibe mnzake. Madzi a tiyi amawira mwana asanamalize kumanga nsapato. Kapenta, mazira, repu, chibwabwa, zonse zimapsa mwaudongo, ndipo moto umamvera: ukachepetsa wachepa pomwepo, ukazimitsa wazima, osati malasha amene amapitiriza kunyeka ndiwo zitapsa kale. Mapoto anasiya kuda kunsi, zikhadabo zanga zinapumula ku mchenga wokwechera.

Vuto lake lili pa nsima. Chitofu chake ndi tizitsulo tochepa tokhala pamwamba pa silinda, choncho poto wamkulu amakhala m'mwamba, ndipo ukayamba kuthyakula mwamphamvu chilichonse chimagwedera. Ine ndimakhala pa kampando, silinda nditaipana ndi mapazi, dzanja lina lili pa chogwirira cha poto ndi kansalu. Wa banja lalikulu aonjezere ndalama agule chitofu cha mapuleti awiri chokhala ndi paipi, chimakhazikika bwino patebulo. Komanso musamakatulutse panja mu Ogasiti. Mphepo ya mu Lusaka imakankha lawi, gasi n'kumapita pachabe poto ali chizizirire.

Nyemba za kabulangeti, vimbombo ndi nsomba zouma ndimaphikabe pa mbaula. Zinthu zofuna maola atatu kapena anayi pamoto ukaziika pa gasi, silinda imene ikanakufikitsa kumapeto kwa mwezi imapepuka ukuona. Chimanga chootcha sindinenanso. Mu Juni ana amafuna kuotha, ndipo gasi saotheka. Koma mbaula imatuluka panja tisanagone, chifukwa mpweya wa malasha m'nyumba yotseka umapha anthu ali m'tulo, ndipo nkhani zotere timazimva chaka chilichonse nyengo yozizira.

Eni nyumba athu poyamba anakana. "Amayi, mwabweretsa bomba pa yadi panga?" Ndinawaitana, ndinapaka thovu la sopo pamene chitofu chimalumikizana ndi silinda, tinayang'ana limodzi kuti palibe tithovu totukuka. Ndi mmene amaonera ngati ikutaya. Pali kamphira kakang'ono kakuda m'kamwa mwa silinda, kakatha ndi kamene kamabweretsa fungo, ndipo kusintha kwake n'kotsika mtengo. Lero madalawo ali ndi kawo.

Pokadzazitsa chenjerani. Kulemera kwa silinda yopanda kanthu kumalembedwa pa silindapo. Onjezanipo makilo 6, ndiye nambala imene sikelo iyenera kuonetsa. Pamalo ena amene ndinasiya kupitako mnyamata amatembenuzira sikelo kukhoma, ukafunsa akuti "yadzaza, mami". Kumene ndimapita tsopano amakuonetsa okha, ndipo amalola kuthira makilo awiri kapena atatu ndalama zikavuta. Ena amangosinthanitsa masilinda a kampani yawo basi, choncho funsani zimenezi musanagule.

Mlamu wanga, mphunzitsi ku Chongwe, amandiseka. Akuti gasi amachokera ku mafuta a pansi, amabwera pa malole kuchokera kunja kwa dziko, ndiye utsi wake ulipo ndithu kungoti sindiuona. Akutinso mahekitala 250,000 mpaka 300,000 a nkhalango amene amanenedwa kuti Zambia imataya pa chaka, ambiri amapita ndi kutsegula minda, ndipo mlimi akagwetsa mitengo kuti alime amangowotchako malasha kuti apeze ya feteleza. Sindikumutsutsa. Koma ndimamuuza kuti akhale m'mbali mwa Great East Road m'bandakucha awerenge njinga ndi malole a matumba a malasha ochokera ku Rufunsa. Onsewo si a minda yatsopano. Owotcha amasankha mitengo yolimba ngati mitondo, ndipo pa uvuni wokwirira ndi dothi pamafunika makilo asanu a nkhuni kapena kuposa kuti patuluke kilo imodzi ya malasha. Thumba limene kale linkatha msanga tsopano limandikhalitsa pafupifupi kawiri. Ndi zochepa, koma ndi mitengo ndithu.

Amene amandikwiyitsa ndi aja olalikira gasi ngati kuti wophikira malasha ndi mbuli. Mayi wogulitsa vitumbuwa pa msika amagula kapulasitiki ka malasha ndi ndalama ya tsiku lomwelo. Silinda imafuna ndalama yambiri nthawi imodzi usanayatse n'komwe, ndipo ineyo ndinaigula itakwana nthawi yanga yolandira chilimba. Ukatha gasi usiku palibe mnansi wokagawirako ngati mmene timapalirana moto.

Kwa wokhala yekha, wophunzira, kapena banja la anthu atatu kapena anayi, kaguleni, simudzadandaula. Sankhani silinda yosachita dzimbiri kunsi, ndipo wogulitsa amange chitofucho ndi kuchiyatsa muli pomwepo musanapereke ndalama.