Excel kapena QuickBooks kwa Eni Nyumba Zochititsa Lendi ku Salima

Amene wamanga masitolo ochititsa lendi pa Salima boma kapena ku Senga Bay amafunika chida cholembera lendi, msonkho ndi ndalama zokonzera nyumba.

Excel, pulogalamu ya pa kompyuta yolembamo ndi kuwerengera nambala m'matebulo, imagwira ntchito popanda intaneti, ndipo imathandiza kuwerengera zaka zimene ndalama zomangira zidzabwerere, koma nambala imodzi ikalakwika, masamu onse amasokonekera mwini wake osazindikira.

QuickBooks Online, pulogalamu yosungira kaundula wa ndalama za bizinesi, imafuna intaneti ndiponso malipiro a mwezi uliwonse m'ndalama zakunja, zomwe zimaluma kwacha ikagwa monga mu Novembala 2023. Komabe imaonetsa msanga amene sanalipire, ndipo malipoti ake amapeputsa ntchito ya msonkho wa MRA.

Mwini masitolo ochepa Excel ikumukwanira. QuickBooks ndi yoyenera amene ali ndi ochita lendi ambiri komanso wowerengera ndalama.