Boxster, Z4, SL kapena F-Type: denga likatseguka, ndalama zanu zagula chiyani?

Galimoto ukaichotsa denga umaifooketsa, ndipo otsatsa malonda sakonda kuyambira pamenepa. Denga ndi limene limagwirizira kutsogolo ndi kumbuyo kuti thupi lonse likhale chinthu chimodzi. Tengani katoni ya nsapato: chivundikiro chikakhalapo imalimba, mukachichotsa mutha kuipotokola ndi manja awiri. N'chifukwa chake opanga amawonjezera zitsulo pansi, m'munsi mwa zitseko ndi kuzungulira galasi lakutsogolo, kenako n'kuikamo mamota otsegulira dengalo. Mapeto ake galimoto yotseguka pamwamba imalemera kuposa mbale wake wa denga lokhazikika, buti imachepa, mtengo umakwera. Mumalipira zambiri kuti akupatseni galimoto yothamanga mocheperako.

Komabe anthu amagula, ndipo si opusa. Amene anayendetsapo galimoto yotere madzulo dzuwa litapendeka amadziwa kuti liwiro la makilomita 80 pa ola limamveka ngati 140. Injini imalira m'makutu mwanu mosatchingidwa, mphepo imakuuzani liwiro musanayang'ane pa wotchi, ndipo mukalowa m'mitengo kuzizira kumakufikani pakhungu nthawi yomweyo. Ndiye poyerekeza magalimoto anayiwa sindiwerengera kwenikweni kuti yothamanga kwambiri ndi iti. Ndikuyang'ana imene imakupatsani zambiri pa liwiro limene mungayende nalo tsiku lililonse osagwidwa ndi apolisi.

Porsche Boxster inatuluka mu 1996, kampaniyo ili pa mavuto aakulu a zachuma, ndipo ndi imodzi mwa magalimoto amene anaiwombola. Chofunika kudziwa n'chakuti iyi sanaidule denga pambuyo pake. Anaijambula yotseguka kuyambira pachiyambi, ndipo Cayman ya denga lokhazikika ndi imene inabwera pambuyo, mu 2005. Injini ili pakati, kuseri kwa mipando, kutsogolo kwa matayala akumbuyo. Kulemera kukakhala pakati chonchi, galimoto imakhota ngati munthu amene wanyamula katundu m'chiuno osati pamutu: mukangopotoza chiwongolero mphuno yalowa kale pakona, simudikira. Imalemera pafupifupi makilogalamu 1,400. Ndipo popeza kutsogolo kulibe injini, muli ndi mabuti awiri, ya malita 150 kutsogolo ndi ina yocheperapo kumbuyo, ndipo denga likapindika silidya malo a iliyonse. Anthu awiri atha kuyenda ulendo wa sabata popanda kukanganirana chikwama choti chitsale.

Koma Boxster ili ndi bala lake. Mu 2016 Porsche inachotsa injini ya masilinda 6 n'kuikamo ya masilinda 4 ya turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini kuti mphamvu ichuluke), galimotoyo n'kuyamba kutchedwa 718. Pa pepala zonse zinakwera: ya malita 2.0 inali ndi horsepower (muyezo wa mphamvu ya injini) 300, ya malita 2.5 inali ndi 350, ndipo mphamvu imabwera msanga injini isanakwere. Chimene chinatayika ndi mawu. Injini yakale inkaimba mokweza pang'onopang'ono mpaka kufika pachimake, yatsopanoyi imangoguguda. M'galimoto yotsekeka mwina simungasamale, koma kuno mwatsegulira denga chiyani ngati si kumva injini? Ogula anadandaula, ndipo mu 2020 kunabwera GTS 4.0 ya masilinda 6 yopanda turbo, ya horsepower 400. Kwa ine 718 yoyenera ndalama zake ndi imeneyo. Ngati thumba silifika pamenepo, bwererani m'mbuyo ku mtundu wa 981 wa 2012 mpaka 2016, umene unali ndi masilinda 6 onse.

Ikani BMW Z4 pambali pake muona maganizo ena. Injini ili kutsogolo pansi pa boneti lalitali, inu mumakhala kumbuyo pafupi ndi matayala oyendetsa, monga mmene magalimoto amasewera akale ankakhalira. Mtundu wachitatu, umene unaonetsedwa mu 2018, unkapangidwa ku Graz m'dziko la Austria pa fakitale ya Magna Steyr, pamzere umodzi ndi Toyota GR Supra, ndipo pansi pa khungu awiriwa ndi pachibale. Z4 M40i ili ndi injini ya malita 3.0 ya masilinda 6 ondondozana, ya turbo, horsepower 340 mwa mtundu wogulitsidwa ku Ulaya. Kuchoka poima kufika makilomita 100 pa ola imatenga masekondi 4.5, chimodzimodzi Boxster GTS 4.0 ya giya ya manja. Manambala ofanana, koma makhalidwe osiyana kutalitali.

Z4 ndi yolemera kuposa Boxster GTS ndi makilogalamu opitirira 100, ndipo mumawamva pamsewu wokhotakhota: chiwongolero sichikuuzani zambiri za zimene matayala akutsogolo akukumana nazo, ndipo mukaikakamiza pakona imaoneka kuti sikufuna. Koma ibwezeni pamsewu waukulu muone. Ili phee, mipando ndi yofewa, zoimbira ndi mamapu n'zosavuta kugwiritsa ntchito, buti ndi ya malita 281 denga litsekedwe kapena litsegulidwe. Injini yake imakoka kuyambira pansi, simufunika kusinthasintha magiya kuti mupitirire lole. Ngati galimoto yanu idzakhala imodzi yokha, yopitira kuntchito Lolemba ndi yokasangalala Loweruka, Z4 ndi yosavuta kukhala nayo kuposa Boxster, ndipo makanika odziwa injini ya BMW imeneyi ndi ambiri chifukwa ili m'magalimoto ena ochuluka a kampaniyo. Chimene Z4 sichita ndi kukudzutsani m'mamawa kuti mukangoyendetsa popanda kumene mukupita.

Mercedes SL ndi nkhani ina, ndipo kuiika pamzere umodzi ndi ziwirizi n'kuilakwira pang'ono, chifukwa mtengo wake uli pamwamba kwambiri. Koma munthu wofuna galimoto yotseguka yapamwamba amaiganizira ndithu. Dzinali ndi lakale: 300 SL ya zitseko zotsegukira m'mwamba inatuluka mu 1954, yotseguka denga n'kubwera mu 1957. Mtundu wa R107 unakhala pamsika zaka 18, kuyambira 1971 mpaka 1989, ndipo woulowa m'malo, R129, unabweretsa chitsulo chotetezera mitu chimene chimadzuka chokha m'kanthawi kosakwana theka la sekondi galimoto ikafuna kugubuduka. Chitsulo chotere, kapena china chokhazikika kuseri kwa mipando, lero chili m'magalimoto onse a mtunduwu, ndiye mantha akuti yotseguka ikagubuduka palibe chokutetezani ndi a masiku akale.

SL yatsopano, ya 2021, inapangidwa ndi AMG, nthambi ya Mercedes ya magalimoto othamanga. SL 63 ili ndi V8 (injini ya masilinda 8) ya malita 4.0 ya maturbo awiri, horsepower 585, mphamvu imapita ku matayala onse anayi, ndipo imafika makilomita 100 pa ola m'masekondi 3.6. Pa liwiro palibe mwa zinayizi yoiposa. Koma imalemera pafupifupi matani awiri, ndipo ndi yotakata. Mphamvu zonsezo mudzazigwiritsa ntchito kuti denga lili lotsegula? Mukapitirira makilomita 130 pa ola mphepo imakhala phokoso basi, simumvanso injini, simumvanso mnzanu wapambali. Chimene SL imachita bwino kuposa zonse ndi ulendo wautali: mipando yotenthetsa, ndi kamphepo kofunda kotuluka pa mtsamiro wa mutu n'kumakuombani m'khosi, kamene Mercedes inayamba kuika mu SLK, mng'ono wake wa SL, mu 2004 n'kukatcha Airscarf. Kanthu kameneka kamaoneka ngati kachibwana mpaka mutayenda usiku wozizira nyenyezi zili pamutu. Mipando iwiri yakumbuyo imene anawonjezera musaiwerengere, ndi ya ana aang'ono kapena jekete. Palinso SL 43 ya masilinda 4, ndipo funso langa ndi lomwe lija: mtengo wa SL, thupi la SL, koma mawu ake a galimoto wamba?

Za Porsche 911 Cabriolet sinditaya nthawi. Ndi yabwino, ili ndi timipando takumbuyo ngati SL, imasunga mtengo. Koma ndi galimoto ya denga lokhazikika imene anaivula chipewa, ndipo mtengo wake umaposa wa Boxster kutali pamene chisangalalo cha pamsewu wokhota sichiposa.

Tsopano Jaguar F-Type, imene mutu umakana koma mtima umafuna. Inatuluka mu 2013, poyamba yotseguka yokha, yojambulidwa pansi pa utsogoleri wa Ian Callum, amene panthawiyo anali mkulu wa ojambula magalimoto ku Jaguar, ndipo aliyense ankaiyerekeza ndi E-Type ya 1961. Ikaima pambali pa zitatu zija, maso a odutsa amapita kwa iyo. Ndiye mawu ake! V8 ya malita 5.0 ya supercharger (mbale wake wa turbo) imabangula, ndipo mukachotsa phazi pa mafuta ekizozi imathetheka ngati nkhuni zouma pamoto. V6 nayonso imaimba bwino, ndipo popeza mphuno yake ndi yopepukirapo, ena amaikonda kuposa V8. Ngati muyezo ndi zimene khutu limamva denga lili pansi, F-Type yapambana. Zofooka zake n'zosabisika: buti ndi yaing'ono ndi yosaumbika bwino, thupi ndi lolemera ngakhale lili la aluminiyamu, zamagetsi za m'kati zinakalamba msanga, petulo imamwa ngati ili ndi ludzu la chaka. Anasiya kuipanga mu 2024, ndiye lero muipeza yoyendapo kale basi.

Apa m'pamene nkhani ya mtengo imasokonekera. Ndalama zambiri zimene mumataya pa galimoto yapamwamba si za petulo kapena matayala, ndi kutsika kwa mtengo wake zaka zoyamba. Ma Porsche amatsika pang'onopang'ono, makamaka a masilinda 6 ndi giya ya manja. SL ndi F-Type zimagwa mofulumira. Kwa amene anagula yatsopano, Boxster yodula imatha kukhala yotchipa pamapeto pake, chifukwa pogulitsa ndalama zambiri zimabwerera. Kwa wogula yakale zinthu zimatembenuka: F-Type ya V8 kapena SL ya zaka zingapo mutha kuipeza pa mtengo wodabwitsa, woyamba uja atakulipirirani kale gawo lalikulu. Musaiwale kokha kuti galimoto imatsika mtengo koma masipeya ake satsika. Mabuleki, matayala otakata, inshuwalansi ndi ola la makanika zimakhalabe za galimoto yapamwamba.

Nanga denga, la nsalu kapena lachitsulo? Panali nthawi imene aliyense ankathamangira lachitsulo lopindika. Mercedes SLK ya 1996 ndi imene inatchukitsa, SL inatsatira mu 2001, Z4 mu 2009. Lero Z4 ndi SL zonse zinabwerera ku nsalu, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Denga lachitsulo ndi lolemera, ndipo kulemerako kuli pamwamba, pamalo oipitsitsa pa galimoto yofuna kukhota. Likapindika limadzaza buti. Lili ndi mahinji, masensa ndi mapaipi ambiri, ndipo likakanirira pakati, theka lotseguka theka lotseka, mudzadziwa mtengo wa katswiri. Nsalu za masiku ano zili ndi magawo angapo otchinga phokoso ndi kuzizira, zimatseguka m'masekondi pafupifupi 10 mpaka 15, galimoto ikuyenda pang'onopang'ono. Lachitsulo limapambana pa zinthu ziwiri: wakuba sangalicheke ndi mpeni, ndipo silisuluka padzuwa. Ngati galimoto yanu imagona panja, zimenezi si zazing'ono.

Wina anena kuti bwanji osangogula Mazda MX-5, ndipo funsoli limandisowetsa mtendere chifukwa lili ndi nzeru. Kuyambira 1989 yagulidwa yoposa miliyoni imodzi, imalemera pang'ono kupitirira tani imodzi, denga mumalitsegula ndi dzanja limodzi muli chikhalire, ndipo mtengo wake ndi kachigawo chabe ka magalimoto enawa. Mphepo yake ndi yomweyo, thambo ndi lomwelo. Ndalama zowonjezera zija zimakugulirani thupi losanjenjemera pamsewu wa mabampu, bata pa ulendo wa maola asanu, malo a munthu wamtali, ndi injini ya masilinda 6 kapena 8. Mukagula yapamwamba koma ya masilinda 4, mwasiya chinthu chachikulu chimene MX-5 sikanakupatsani, ndipo pamenepo ine ndingatenge Mazda n'kusunga chenji.

Ndalama zitakhala zanga, ndingatenge Boxster ya masilinda 6 ya giya ya manja, ndipo F-Type ndizingoitembenukira ikamadutsa. Wofuna Boxster yakale kwambiri, ya mtundu wa 986 kapena 987 yoyambirira, afunse kaye za beringi ya m'kati mwa injini yotchedwa IMS, imene imadziwika kuti ikafa imawononga injini yonse, ndipo aone mapepala osonyeza ngati inasinthidwa. Za chaka cha 2002 kubwerera m'mbuyo zili ndi zenera lakumbuyo la pulasitiki limene limachita chifunga ndi kusweka, galasi linabwera ndi mtundu wa 2003. Pa iliyonse mwa zinayizi, tsegulani ndi kutseka denga katatu motsatizana mukumvetsera ngati mota ikuvutika kapena mbali imodzi ikutsalira. Kenako lowetsani dzanja pansi pa mipando mugwire kapeti. Timabowo totulutsira madzi a mvula tikatsekeka ndi masamba, madziwo amatsikira pamenepo, ndipo m'magalimoto ena mabokosi a zamagetsi ali pomwepo. Kapeti ikakhala yonyowa kapena ikamanunkha chinyezi, bwezani makiyi.