Kupulinta Uli Kutali: CUPS, Tailscale, Imelo Kapena Universal Print?

Google Cloud Print, njira ya Google yopulintira kudzera pa intaneti, itatsekedwa pa 31 Disembala 2020, ife amene tinazolowera kutumiza ma invoice ku pulinta ya ku ofesi tili kunyumba tinasowa mtengo wogwira. Inali yaulere, ndipo ngakhale pulinta yakale inkalandira ntchito bola ikhale yolumikizidwa ku kompyuta yokhala ndi Chrome. Njira zina zilipo, koma sizilingana.

Imene anthu amathamangira ndi iyi: kugula Raspberry Pi (kakompyuta kakang'ono), kuikamo CUPS (pulogalamu yoyendetsa mapulinta), kulumikiza pulinta ndi chingwe cha USB, kenako kutsegula port 631 (khomo limene CUPS imalandirira ntchito) pa rauta kuti Pi ija izipezeka pa intaneti. Mbali yoyambayo ndilibe nayo vuto. CUPS ndi pulogalamu yokhwima. Michael Sweet anaitulutsa mu 1999, Apple inaigula mu 2007, ndipo lero ya pa Linux imasamalidwa ndi OpenPrinting. Pi imadya magetsi ochepa, moti itha kuyaka usana ndi usiku osadandaula za mayunitsi. Chondiopsa ine ndi kutsegula port kuja. Mu 2018 munthu wina anatumiza uthenga wochemerera PewDiePie, katswiri wa pa YouTube, ku mapulinta pafupifupi 50,000 amene anasiyidwa poyera, ambiri kudzera pa port 9100 imene sifunsa pasiwedi. Mu Seputembala 2024 Simone Margaritelli anaulula zibowo mu cups-browsed (pulogalamu yothandiza CUPS kupeza mapulinta) zolola mlendo kulembetsa pulinta yabodza kudzera pa UDP 631, n'kuyendetsa malamulo ake pa makina anu wina akangoyesa kupulinta. Uku n'kugona chitseko chili pululu.

Komanso kwa ambiri a ife njirayi imafa isanabadwe. Ngati intaneti yanu ndi ya SIM khadi mu rauta ya 4G, kawirikawiri mumakhala kuseri kwa CGNAT, kutanthauza kuti adiresi imodzi ya IP mukugawana ndi makasitomala ena ambirimbiri. Mungatsegule port mpaka kutopa, wakunja sakupezani.

N'chifukwa chake ine ndimakonda Pi yomweyo, CUPS yomweyo, koma ndi Tailscale pamwamba. Tailscale inamangidwa pa WireGuard, pulogalamu yotsegula njira yobisika pakati pa zipangizo, ndipo imalumikiza zipangizo zanu zokha ngati zili m'chipinda chimodzi. Mumaiika pa Pi, pa laputopu ndi pa foni, chilichonse chimalandira adiresi yoyamba ndi 100, basi. Pa rauta simukhudza kanthu, Tailscale imadutsa CGNAT, ndipo munthu wamba salipira. WireGuard yokha ingachitenso zimenezi popanda kudalira kampani, koma pamafunika mbali imodzi yokhala ndi IP yopezeka poyera, nthawi zambiri ka seva kobwereka kolipira mwezi ndi mwezi, ndipo makiyi mumagawa nokha pamanja.

Zokhumudwitsa zake ndizinene. Pulinta siionekera yokha pa mndandanda monga imachitira pa Wi-Fi ya mu ofesi, chifukwa kulengeza kwa Bonjour, njira imene pulinta imadzidziwitsira kwa zipangizo zapafupi, sikudutsa mu Tailscale. Muyenera kulemba nokha ipp://, adiresi ya Pi, :631/printers/ ndi dzina la pulinta. Pa laputopu ndi ntchito ya mphindi ziwiri, koma pa iPhone, imene njira yake yopulintira, AirPrint, imadalira kulengeza komweko, mutu umauma. CUPS nayo poyamba imangomvera makina ake okha, ndiye muyenera kuilola kulandira ntchito zochokera kwina. Ndipo musanagule Pi, fufuzani dalaivala, pulogalamu yolola kompyuta kulankhula ndi pulinta yanu. Makampani ena amapanga ya Linux ya makompyuta a Intel ndi AMD okha, pomwe Pi ili ndi purosesa ya mtundu wina, ARM. Mapulinta ambiri a HP amayenda ndi dalaivala ya HPLIP, ma laser ena a Brother ndi brlaser. Zikakanika, laputopu yakale yosweka sikirini imagwira ntchito yomweyo, ndipo batire lake limaisunga magetsi akathima, ngakhale kuti pulinta imakhala itagona.

Yophweka kuposa zonse ndi imelo. Epson Connect imapatsa pulinta adiresi yakeyake: mwatumiza PDF, yatuluka. Palibe seva, palibe chokonza. Kwa amayi kunyumba amene akufuna fomu imodzi pamwezi, imeneyi yakwana. Koma pulinta iyenera kukhala ya mtundu umenewo, chikalata chanu chimadzera pa makina a kampaniyo, ndipo mukapanda kuika mndandanda wa ololedwa kutumiza, aliyense wodziwa adiresiyo atha kukutherani inki. Mapepala a malipiro a antchito ine sindingawadutsitse kumeneko.

Universal Print ya Microsoft ndi ya mabungwe amene amalipira kale Microsoft 365 ya mtundu woyenera ndipo antchito amalowa ndi Entra ID, akaunti za bungwe za Microsoft. Kumeneko ndi yabwino, woyang'anira amaona yemwe wapulinta chiyani. Kwa shopu ya anthu atatu, n'kugula ng'ombe pofuna kapu imodzi ya mkaka. PrintNode ndi ina yolipira, yoyenera amene ali ndi webusaiti yogulitsira ndipo akufuna risiti izituluka yokha oda ikalowa.

Ine ndinakhazikika pa Pi ndi Tailscale, ndipo tsamba la CUPS limandionetsa ntchito ikaima pamzere. Chimene silingachite ndi kusolola pepala lopanikizika, ndiye nambala ya mlonda ndinaisunga.